Ndakana kusonkha ya sing'anga, mudzi wonse wandiukira: kodi chizunzo cha m'Baibulo n'chimenechi?

NaBanda_wakuDambo:
Abale mwa Ambuye, ndithandizeni maganizo, mtima wanga walemera. Masabata atatu apitawo mphenzi inapha mnyamata m'mudzi mwathu muno akuchokera kodyetsa mbuzi. Maliro tinaika bwinobwino, ine ndinagona kusiwa masiku awiri komanso ndinali m'gulu lophika. Titangosesa, anyakwawa analengeza kuti khomo lililonse lisonkhe K2,000 yokaitanira sing'anga, adzaloze amene anatumiza mphenziyo. Ine ndinakana. Sindinanyoze munthu, ndinangoti ya chipepeso ndingapereke ngakhale kawiri, koma yoombezera ayi.

Chiyambire tsikulo moni wanga sayankhidwa. Ku mjigo ndikaika ndowa pamzere ndimaipeza itakankhidwira m'matope. Dzana ndinapeza mizere isanu ya chimanga itatchetchedwa, chimanga choti changomasula kumene. Apongozi anga akuti maliro akadzagwa pakhomo panga ndidzakumba ndekha manda. Koma chondiwawa koposa n'chakuti amayi anzanga a kumpingo, amene timavala nawo yunifolomu Lachinayi, anapereka mwakachetechete, ndipo mmodzi anandiuza kuti ndikudzionetsa ngati woyera. Aliyense akudziwanso amene akufuna kulozedwa: agogo ena amasiye amene amakhala okha kumapeto kwa mudzi.

Kodi chimenechi ndi chizunzo chimene Baibulo limanena, kapena ndi liuma langa chabe? Nanga kupirira kwake n'kutani, kungokhala chete chimanga chikutha?

Mlonda77:
Amayi, limbani mtima. Yohane 15:18-20 ndi yanu. Ambuye ananeneratu kuti dziko likadana nafe tidziwe kuti linayamba kudana ndi Iwo, ndipo kapolo saposa mbuye wake.

Kamtedza_LL:
Pepani amayi, koma K2,000 yomweyo mpaka kutayirapo munda ndi mtendere? Mukanangopereka, mumtima mwanu mukudziwa kuti simukhulupirira zimenezo. Mulungu amaona mtima. Kumudzi munthu sukhala wekha, mawa mudzafuna anthu omwewo.

Mlonda77:
A Kamtedza, ndalama imeneyo ikukagula chiyani? Ikukagula mutu wa agogo aja.

MkuluWaMpingo_Dedza:
Mwana wanga NaBanda, funso lanu loyamba ndi lofunika, chifukwa si vuto lililonse limene Mkhristu wakumana nalo lili chizunzo. Petro analemba mosabisa pa 1 Petro 4:15-16 kuti wina asamve zowawa monga wakupha, wakuba, wochita zoipa kapena wolowerera za eni, koma akamva zowawa chifukwa ndi Mkhristu asachite manyazi. Ndaweruzapo milandu yambiri kubwalo la mpingo. Wina amuchotsa ntchito chifukwa chofika mochedwa tsiku ndi tsiku, kwa ife akuti satana akumuzunza. Wina wayambana ndi mudzi wonse chifukwa cha pakamwa pake, akuti akunyamula mtanda. Ayi, pamenepo munthu akungokolola chimene anafesa.

Ndiye dzifunseni: mutati mwapereka ndalamayo lero, kodi zonsezi zingathe? Ngati zingathe, ndiye kuti sakudana ndi nkhope yanu kapena khalidwe lanu, akudana ndi kukana kwanu. Ndipo kukana kwanu kuli ndi mizu, chifukwa Deuteronomo 18:10-12 amaletsa kuombeza ndi kufunsira kwa obwebweta. Kwa ine chimenecho ndi chizunzo chifukwa cha chilungamo, cha pa Mateyu 5:10.

Nkhaniyi siinayambe ndi Aroma kapena mikango ya m'mabwalo amasewera monga ambiri aganizira. Inayamba kumunda, pakati pa ana a mimba imodzi. Kaini anapha Abele, ndipo 1 Yohane 3:12 akufunsa kuti anamupheranji, n'kuyankha yekha: ntchito zake zinali zoipa, za mbale wake zolungama. Abele sanalalikire Kaini, sanamudzudzule. Nsembe yake yokha ndi imene inamuwawa mkulu wakeyo. Amayi anzanu a Lachinayi aja akakuonani amakumbukira kuti iwo anapereka. N'chifukwa chake mawu awo akulasa kuposa a anyakwawa.

NaBanda_wakuDambo:
Zikomo abambo. Zoti Abele sanalankhule kanthu sindinaziganizepo. Misozi yatuluka.

Mtumiki_waMoto:
Mlongo, vuto ndi lakuti mukuvomereza kugonja. Mwana wa Mulungu sazunzika! Salani kudya masiku atatu, mudzoze mafuta m'malire a munda wanu, mubweze mivi yonse kwa amene anaitumiza. Amene anatchetcha chimangacho dzanja liuma sabata isanathe. Chikhulupiriro chikakhala chokwanira adani amagwa okha.

TitchaWaKatekisimu:
A Mtumiki, ndikufunseni mwaulemu. Pa Ntchito za Atumwi mutu 12, Herode anapha Yakobe, mbale wake wa Yohane, ndi lupanga. M'mutu womwewo anamanga Petro, mngelo n'kudzamutulutsa usiku, maunyolo kugwa okha. Mfumu imodzi, mzinda umodzi, mpingo umodzi. Mukutiuza kuti Yakobe chikhulupiriro chinamuchepera? Nanga Stefano, amene anaona kumwamba kutatseguka asanamuponye miyala? Ndipo pomwalira sanapemphe kuti manja a oponyawo aume, anapempha kuti tchimolo lisawerengedwe pa iwo. Pakati pa amene anavomereza imfa yake panali Saulo, yemwe ndi Paulo uja, akusunga zovala. Dzanja limenelo likanauma, makalata amene mumalalikira inuwo akanalemba ndani?

Mtumiki_waMoto:
Nanga Sadrake, Mesake ndi Abedinego sanatuluke m'ng'anjo? Danieli mikango inamudya?

TitchaWaKatekisimu:
Anatuluka, ndipo timayamika. Koma werengani Danieli 3:17-18 mpaka kumapeto. Anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wathu akhoza kutilanditsa, koma ngakhale atapanda kutero, fano lanu sitiligwadira. Analowa m'moto asakudziwa kuti atuluka. Ahebri 11 nayenso ali ndi mbali ziwiri: ena anatseka pakamwa pa mikango, ena anachekedwa ndi macheka, kuponyedwa miyala, kuyendayenda atavala zikopa za nkhosa ndi mbuzi. Onsewo akuwatchula kuti anachitiridwa umboni chifukwa cha chikhulupiriro. Ife timakonda kuwerenga theka loyamba lokha.

Mnyamata_waKwaya:
Apa ndiye mwanena aphunzitsi. Kwathu kuno munthu ukangodwala malungo akuti pemphero lachepa, gula madzi odalitsa. Mayi anga anawononga ndalama ya feteleza ndi zimenezi.

Mtumiki_waMoto:
Musanyoze odzozedwa a Mulungu, achimwene.

Mnyamata_waKwaya:
Sindinatchule munthu, ndanena za mayi anga.

WakuJoni_Limpopo:
Amayi NaBanda, nkhani yanu itangofika pa foni thupi langa linachita tsembwe, chifukwa kuno ku South Africa kumene ndikugwira ntchito kunali munthu amene anakumana ndi zofanana ndendende. Dzina lake Benedict Daswa, anali hedimasitala wa sukulu ya pulayimale ku Venda, bambo wa ana 8, Mkatolika. Mphenzi zitatentha nyumba m'mudzi mwawo mwa Mbahe, akuluakulu anagwirizana kuti aliyense asonkhe R5 yolipira sing'anga woti apeze mfiti. Iye anakana. Anati mphenzi ndi chilengedwe, ndipo chikhulupiriro chake sichimulola kupereka ndalama yoti munthu wosalakwa aphedwe nayo. Pa 2 February 1990 akubwerera kwawo pa galimoto madzulo, anapeza msewu atautseka ndi mitengo. Anamugenda, anathawira m'nyumba ina, anamupeza momwemo n'kumupha ndi chibonga. Mu September 2015 mpingo wa Katolika unamulengeza kukhala Wodala, ulemu umene munthu amapatsidwa asanatchedwe Woyera, ndipo anthu zikwizikwi anasonkhana pafupi ndi Thohoyandou.

Sindikulemba izi kuti ndikuopsezeni. Ndikulemba kuti a Kamtedza aone kuti kuchepa kwa ndalama si nkhani. R5 inali yochepa nthawi imeneyonso. Komanso kuti inu musatenge nkhaniyi mopepuka. Kutchetcha chimanga ndi uthenga. Musayende nokha madzulo.

Kamtedza_LL:
Ndiye mwangotsimikizira zimene ndikunena. Bamboyo anasiya ana 8 amasiye chifukwa cha R5. Ana amenewo anadya ulemu wa 2015? Ine ndine Mkhristu, koma ndili ndi ana, ndipo sindikuona kuti Mulungu angakondwe nditawasiya pa chifukwa chotere.

MkuluWaMpingo_Dedza:
A Kamtedza, funso lanu sindilipeputsa, ndipo amene alibe mantha amenewo ndiye kuti sanabereke. Koma amene anasandutsa anawo amasiye si bambo wawo, ndi amene ananyamula chibonga. Tisasamutse mlandu kuuchotsa pa wakupha n'kuuika pa wophedwa. Akhristu a m'zaka zoyambirira nawonso ankawapempha kanthu kakang'ono: katsine ka lubani pamoto patsogolo pa fano la Kaisara, basi uzipita kwanu. Polycarp, bishopu wa ku Smyrna, anali nkhalamba pamene ankamuumiriza kutukwana Khristu kuti amumasule. Anayankha kuti wamutumikira zaka 86 ndipo sanamulakwirepo, ndiye angachitire mwano bwanji Mfumu imene inamupulumutsa. Anamutentha. Chiyeso sichibwera chitasenza katundu wamkulu, chimabwera ngati lubani wapachala kapena K2,000.

Komabe ndikugwirizana nanu pa chimodzi: Mkhristu safunafuna imfa. Mateyu 10:23 akuti akakuzunzani m'mudzi uwu thawirani wina. Yosefe anathawitsira khanda Yesu ku Ejipito. Paulo anamutsitsa mu dengu pa linga la Damasiko usiku. Kuthawa si kukana Ambuye.

MdzukuluWaSinda:
Ndakhala ndikungowerenga koma apa ndilankhuleko. Sitikusowa kupita ku Smyrna, zinachitika konkuno. Agogo anga anali a Mboni za Yehova. Mpingo wawo unaletsedwa m'Malawi mu 1967, ndipo nkhani yaikulu inali yokana kugula khadi la chipani. Mu 1972 zinthu zitafika poipa, anyamata anabwera usiku, anatentha nyumba ndi nkhokwe, agogo aamuna anawamenya mpaka khutu limodzi silinamvenso moyo wawo wonse. Anayenda wapansi kukalowa m'Zambia, ku msasa wa Sinda Misale, kumene kunafa anthu ambiri, makamaka ana, chifukwa cha madzi oipa ndi matenda. Mwana wawo wachiwiri anamuika komweko. Chiletso chinachotsedwa mu 1993.

Agogo aakazi ndinkawafunsa kuti bwanji simunangogula kakhadiko. Ankangotulutsa kansalu kamene anabereka nako mwana uja, kothetheka, akuti ndimakasunga kuti ndisaiwale kuti sizinali zaulere. Amene anayatsa nkhokwe ankamudziwa, anali wa mudzi womwewo. Atakalamba n'kudwala, agogo ankamutumizira phala. Ine mpaka lero zimenezo zimandivuta kumvetsa.

Mlonda77:
Pepani kwambiri, koma a Mboni chiphunzitso chawo ndi china. Sitingawaike pamodzi ndi ofera a m'Baibulo.

MdzukuluWaSinda:
Moto umene unatentha nkhokwe sunafunse za Utatu, abambo.

TitchaWaKatekisimu:
A Mlonda, pa chiphunzitso ine ndi a Mboni timasiyana kutali, koma apa si pamene pali nkhani. Funso lotiyenera ife a mipingo ina ndi lakuti nyumba za anzathu zikupsa tinali kuti? Ambiri tinakhala chete chifukwa sizinali zathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma itawerengedwa m'matchalitchi, boma linati ndi youkira, maepiskopi anaitanidwa kupolisi kukafunsidwa kwa maola ambiri, makina osindikizira a ku Balaka anatenthedwa, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Ine ndinali mnyamata, ndikukumbuka bambo anga akukwirira kalatayo m'chitini kuseri kwa khola la nkhunda. Tsiku limenelo ndi pamene tinalawa pang'ono chimene anzathu anamwa zaka 25.

Chisomo_UK:
Kunonso timazunzidwa. Kuntchito sungatchule Yesu momasuka, anzako amakuseka ukati Lamulungu ukupita kutchalitchi.

WakuJoni_Limpopo:
Achemwali, kusekedwa kumawawa, koma tisamatchule zonse ndi dzina limodzi. Mu February 2015 amuna 21 anadulidwa mitu m'mbali mwa nyanja ku Libya, ambiri mwa iwo Akhristu a ku Egypt amene anapita kukagwira maganyu ngati ine. Leah Sharibu anagwidwa pamodzi ndi anzake a sukulu ku Dapchi, Nigeria, mu 2018. Anzake anamasulidwa, iye anatsala chifukwa anakana kusiya chikhulupiriro. Pafupi pompa ku Mozambique, m'chigawo cha Nampula, sisitere Maria De Coppi anawomberedwa pa mishoni ya Chipene mu September 2022. Ndipo zigawenga za kumpoto kwa Mozambique zapha Asilamu ambirinso, tisaiwale zimenezo tikamapemphera.

Chisomo_UK:
Ndamva achimwene, sindimafuna kudziyerekeza ndi amenewo. Ndimangoti kusungulumwa chifukwa cha chikhulupiriro kulipo ngakhale kopanda zikwanje.

MkuluWaMpingo_Dedza:
Kulipo ndithu mwana wanga, ndipo Mateyu 5:11 akutchulanso kunyozedwa ndi kunamiziridwa. Koma tabwererani kwa NaBanda, mayiyu akugona m'mudzi momwemo usiku uno.

AuntyWaParalegal:
Zikomo abambo, ndimadikira kuti tifike pamenepa. Amayi NaBanda, mavesi alandireni, koma mverani izinso. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito m'Malawi muno. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kuitana munthu woti adzaloze mfiti ndi mlandunso, ndipo mfumu yolola zimenezi m'mudzi mwake nayo imayankha. Amene ali kumbali ya lamulo ndinu, osati osonkhetsawo. Kumbukirani za ku Neno mu January 2016: mphenzi inapha mtsikana, ndipo okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe. Zimayamba chonchi, ndi msonkhano ndi chopereka.

Jambulani chimanga chotchetchedwacho pa foni lero lomwe, chisanaume. Mawa pitani kupolisi, ku ofesi ya Victim Support, mukanene ziwiri: za munda wanu ndi za agogo amene ali pangoziwo. Musapite nokha, tengani abusa kapena mkulu wa mpingo. Akudziwitseninso agulupu kapena a T/A, chifukwa nthawi zambiri nyakwawa ikadziwa kuti akuluakulu amva imabweza moto.

Mlonda77:
Koma kupita kupolisi si kubwezera? Aroma 12:19 akuti kubwezera n'kwa Ambuye. Yesu pamaso pa Pilato anakhala chete.

AuntyWaParalegal:
Kubwezera n'kukatchetcha chimanga cha amene mukumuganizira. Kuitana boma kuti liteteze nkhalamba si kubwezera.

TitchaWaKatekisimu:
Ndipo mutu wotsatira womwewo, Aroma 13, ukuti wolamulira sagwira lupanga pachabe. Paulo yemwe analemba zimenezo sankangopereka msana. Ku Filipi atawakwapula iye ndi Sila, usiku anaimba nyimbo m'ndende, inde. Koma kutacha, akuluakulu atatumiza uthenga woti atuluke mwakachetechete, Paulo anakana: mwatikwapula poyera osatiweruza, ife nzika za Roma, ndiye mubwere nokha mudzatitulutse. Anabweradi n'kudzapepesa. Ku Yerusalemu atamumanga ndi zingwe kuti amukwapule anafunsa kenturiyo ngati lamulo likulola. Pamapeto pake anachita apilo kwa Kaisara. Munthu yemweyo anaimba m'ndende, yemweyonso anagwiritsa ntchito lamulo. Ngakhale Ambuye, msilikali atawapanda khofi pa Yohane 18:23, anafunsa kuti ngati ndanena bwino ukundimenyeranji.

MayiBusa_Mchinji:
Ine mtima wanga uli pa agogo aja. Tonse tikukamba za NaBanda, koma amene akufuna kuphedwa ndi wina. NaBanda, pali munthu m'Baibulo amene simumumva kawirikawiri pa guwa, Ebedi-Meleki, Mkusi wa m'nyumba ya mfumu Zedekiya, pa Yeremiya 38. Akalonga ataponya Yeremiya m'chitsime chopanda madzi, chamatope okhaokha, kuti afere momwemo, munthu wakudayu anapita kwa mfumu poyera n'kunena kuti anthuwa achita choipa. Kenako anakatenga nsanza ndi zovala zakutha, n'kuzitsitsa ndi chingwe, n'kumuuza Yeremiya kuti aziike m'khwapa kuti chingwe chisamucheke pomukoka. Nsanza zimenezo zimandigwira mtima nthawi zonse. Sanangofuna kuti mneneri atuluke, anafuna atuluke osavulala.

Mwakana kupereka, mwachita bwino. Tsopano kawaoneni agogowo. Mwina masabata atatu onsewa palibe amene wawapatsa moni kapena kuwatungira madzi. Ndipo amayi anzanu a yunifolomu musawataye. Ambiri anapereka chifukwa cha mantha, osati chifukwa chofuna magazi. Petro anakana katatu pamoto wa pabwalo, koma Ambuye anakamufunafuna kunyanja. Pitani kwa mmodzi amene mumagwirizana naye kwambiri, osati kukamutsutsa, mukangomupempha kuti akuperekezeni kwa agogo.

Kamtedza_LL:
Mawu a mayi busa andigwira. Ine maganizo anga pa za ana sanasinthe kwenikweni, ndikanakhala ine mwina ndikanapereka, ndisaname. Koma za agogozo ndinalibe nazo m'mutu. Amayi NaBanda, ngati transipoti yopitira kupolisi ikuvuta ndilembereni kumbali, ndikutumizirani pa foni.

Mtumiki_waMoto:
Ine ndisala kudya mawa chifukwa cha mlongoyu ndi agogowo. Za dzanja louma zija ndazibweza.

NaBanda_wakuDambo:
Abale, pepani ndinasowa, foni inathera moto ndipo timatchajitsa ku trading. Dzulo ndinachita monga munanenera. Chimanga ndinajambula. Abusa anandiperekeza pa njinga yamoto mpaka kupolisi, ndipo anatilandira bwino, analemba zonse. Akuti Loweruka abwera limodzi ndi agulupu kudzachititsa msonkhano.

Madzulo ndinapita kwa mayi uja anati ndikudzionetsa ngati woyera. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndisanaodire. Nditamupempha kuti tipite kwa agogo anayamba wakana, akuti amuna ake amva. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kambale ka ufa atakabisa m'chitenje. Tinawapeza agogo atadzitsekera, chitseko atachitchinga ndi mtondo. Mumtsuko munalibe ndi dontho lomwe, akuti masiku anayi akuopa kupita ku mjigo, amamwa madzi a mvula a m'beseni. Atamva mawu athu anafunsa kuti, "Mwabwera kudzanditenga?" Mnzangayo anangokhala pansi n'kuyamba kulira.

Usiku wathawu agona kwanga, pamphasa limodzi ndi ana anga. Amuna anga ali ku Joni, ndinawaimbira, anakhala chete kanthawi kenako anati chitseko muzipiringidza bwino, ndilankhula ndi amayi. Apongozi sanandilankhulebe. M'mawa uno ndowa yanga inakankhidwanso, koma mtsikana wina wamng'ono anaitola n'kuibwezera pamzere anthu akuona.

Mantha ndili nawo, ndisakunamizeni, makamaka kukada agalu akayamba kuuwa. Mutikumbukire Loweruka, msonkhano uyamba 9 koloko m'mawa pabwalo la anyakwawa.

MkuluWaMpingo_Dedza:
Tidzakhala tikupemphera nthawi imeneyo. Pempheni abusa atumize amuna awiri a mpingo azigona pakhonde mpaka Loweruka lidutse. Agogowo apatseni moni wathu.